Kabuku ka nsinjiro ndi mfutso: momwe geni yayendera, Malichi mpaka Disembala 2024

17 Malichi

Alamu anga andinena kuti ndikuyendetsa geni m'chimbulimbuli, ndalama zikulowa pafoni n'kutulukanso osadziwa kuti ya mtedza ndi iti, ya bandulo ya intaneti ndi iti. Sananame. Ndiye kuyambira lero ndizilemba, ofuna kutolapo kanthu atole, ofuna kuseka aseke.

Tsamba langa la zophikaphika pa Facebook ndinalitsegula mu 2021, nthawi ya Covid, kuntchito atatiuza kuti tizisinthana masiku. Zaka zitatu ndakhala ndikulemba usiku ana akagona, osapezapo ngakhale tambala. Zimene ndimazikhetsera thukuta, monga keke ya nthochi yoikidwa bwinobwino pambale yoyera, anthu amangozilambalala.

Pa tchuthi cha pa 3 Malichi ndinapita kumudzi ku Mitundu, n'kupeza amayi akufutsa. Anali atathyola khwanya ndi chitambe, kuviika m'madzi obwata kanthawi kochepa, kutsanulira palichero, n'kuyanika pamphasa. M'khitchini, pamwamba pa mafuwa, panali patalendewera chikwatu cha chaka chatha, chokulunga ndi masamba a msuku n'kumanga ndi luzi, chakuda bii ndi mwaye. Ndinangochijambula mosasamala, chithunzi chopendama, mwendo wa mbuzi ukuoneka pakona. Pansi pake ndinalemba kuti: "Ndani akuchidziwa ichi? Tchulani kwanu."

Kutacha foni inali yotentha. Makomenti atapitirira 400 ndinasiya kuwerenga nambala. Ambiri sanali a kuno ayi, anali a ku Joni, Cape Town, Durban, Lusaka, ena ku Leeds ndi ku Dublin. Bambo wina analemba kuti chichokereni kumudzi sanalaweponso mfutso wotendera, ndipo amene ankamumangira chikwatu anatisiya iye ali konko. Ndinayankha aliyense, mausiku atatu, maso akuwawa. Pakati pa mayankhowo mayi wina wa ku Joni anafunsa kuti, "Achemwali, nanga mutatitumizira tingakulipireni zingati?" Pansi pake anthu khumi ndi awiri anati nafenso.

Geniyo ndi imeneyo: mfutso ndi nsinjiro, kupita ku Joni. Sindinaiganize ndine.

24 Malichi

Dzulo President Chakwera walengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Amayi akuti mtedza wawo womwe unachita maluwa dzuwa lili phwee, ndipo sakuyembekezera zambiri. Kuphatikiza apo kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chatha, chilichonse chokhudza thiransipoti chinakwera. Anthu atatu akufuna kutumiziratu ndalama. Ndawakaniza. Ndalama ya munthu ndisanaone mtedza ndi maso ndi ngongole.

14 Epulo

Masabata awiri oyesa, pogwiritsa ntchito mtedza wa chaka chatha womwe ndinagula mumsika.

Kusinja mbale imodzi ya ndiwo zamadzulo ndi kusinja makilogalamu asanu ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mtedza ukauponda mwamphamvu mumtondo umatuluka mafuta n'kugwirana, m'malo mwa nsinjiro ukupeza chiponde chosapsa. Umafuna kusinja pang'onopang'ono, kusefa, zotsala pasefa kubwezera mumtondo, kusefanso. Tsiku loyamba ine ndi mtsikana wondithandiza tinatha makilogalamu atatu, mapewa ali ngati tamenyedwa. Ndinayesa kupita nawo kuchigayo. Wachigayo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mukufuna mundimatire sefa? Pokhapokha musakanize ndi chimanga, koma pamenepo ndi ufa waphala, si nsinjiro." Ananena zoona. Ndapeza mayi wina ku Area 25 yemwe ali ndi kamakina kopukusa ndi manja, tagwirizana kuti ndizimulipira pa kilogalamu.

Zopakira: mapulasitiki opyapyala aja ndi oletsedwa m'dziko muno, ngakhale mumsika ali mbwee, komanso amabooka msanga. Ndagula okhuthala. Kumata ndikumatira kandulo ndi mpeni wosathwa, ndipo chala chamkombaphala chili ndi thuza.

Chimene ndaphunzira pa paketi yomwe ndinaisiya dala pawindo: nsinjiro sizichedwa kusintha fungo pakatentha. Mtedza wathunthu umasungika, wosinja ayi. Ndizisinja katundu atatsala tsiku limodzi kuti anyamuke.

5 Meyi

Katundu woyamba wapita. Mapaketi 20 a nsinjiro a theka la kilogalamu, mapaketi 15 a mfutso wa amayi, zonse m'katoni imodzi yokulunga ndi thumba. Ndapatsira kondakitala wa basi ina ya ku Joni, monga amachitira aliyense. Ulendo wake ndi wodutsa pa Dedza kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Mayi uja wa funso loyamba ndiye akalandire ndi kugawira anzake. Sindinamuonepo nkhope kupatula pa profile.

16 Meyi

Zavuta.

Basi inawonongeka panjira, katundu anafika patatha masiku asanu ndi limodzi. Katoni yanga anaiika pansi pa matumba a usipa, ndipo china chake chinadontherapo. Mayi uja wanditumizira zithunzi: katoni yonyowa mbali imodzi, mapaketi asanu ndi awiri omatuka, mfutso wina wachita nkhungu. Otsalawo akuti akununkha nsomba, moti ukatendera sudziwa ngati ukudya masamba kapena usipa. Kondakitala foni sakuyankha.

Ndabweza ndalama kwa onse amene katundu wawo anawonongeka. Phindu lonse lapita, mpamba waluma.

Kenako ndinachita chinthu chimene alamu anga anakana mpaka kukweza mawu. Iwo amati, "Mlamu, wamalonda saonetsa chilonda, anthu akuthawani." Ine ndinaika zithunzi zija patsamba, n'kulemba zonse mmene zayendera, osatchula basi. Ndinkaona kuti anthu amene anandipatsa maganizowa ayenera kudziwa pamene athera, ndiponso ndikabisa, nkhani ikatulukira kwina idzakhala yoti ndinadya ndalama za anthu.

Palibe wathawa. Ena aseka, inde, wina mpaka wati nsinjiro za fungo la usipa n'zabwino chifukwa ndiwo ndi ziwiri pamtengo umodzi. Koma ku inbox kwabwera uthenga wautali wochokera kwa mayi wina wogwira ntchito zaulimi. Sanandinyengerere. Wati vuto langa lalikulu si basi, koma kuti zomera ndi zakudya sizingodutsa malire opanda zikalata, ndipo tsiku lina katoni idzatsala pachipata popanda wondimvera chisoni. Watinso ngati ndikugulitsa mtedza wosinja kwa anthu odyetsa ana, ndiyambe ndaphunzira za chuku. Ndawerenga uthengawo kanayi. Za ku Joni ndaziimika kaye.

9 Juni

Nyengo ya mtedza watsopano. Ndinakhala masiku awiri ku Mitundu.

Chuku ndinkachidziwa ngati nkhungu ija imamera pamtedza wosauma. Chimene sindinkachidziwa n'chakuti chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saphedwa ndi kukazinga kapena kuphika, amawononga chiwindi, ndipo ana amapinimbira naye. Mtedza wovutika ndi ng'amba uli m'munda, ngati wa chaka chino, ndiye umagwidwa msanga. Ndipo pali chizolowezi chathu chija chowaza madzi pamakoko kuti afewe poswa, kapena kuti mtedza ulemere pasikelo. Chimenecho ndiye chiitano cha chuku.

Choopsa n'chakuti m'nsinjiro zoipa zimabisala bwino. Mtedza wathunthu wofwapa, wobooka kapena wakuda umauona n'kuutaya. Ukasinjidwa, ndani angaudziwe? Pali ena amasankha wabwino kukagulitsa, wotsalira uja n'kusinja. Kunyumba kwathu komwe tinkatero, tisanamizane.

Ndiye ndasintha kagulidwe. Ndikugula wamakoko, kwa alimi anayi amene amayi akuwadziwa, ndipo ndikuugwedeza kukhutu: wouma bwino umalira m'kati mwa khoko. Tikuswa tokha osathira madzi, n'kusankha palichero njere imodziimodzi. Pa ndowa iliyonse timatayapo mbale yodzadza. Amayi zikuwapweteka. Anandifunsa kuti, "Mwanawe, umenewu ndi mtedza ukutayawu? Bwanji tipatse nkhuku?" Nditawafotokozera anangoti pakamwa gwa, kenako anati makolo athu adya zomwezi mpaka kukalamba. Sitinamalize mkanganowo, koma akusankha nawo, ndipo maso awo ndi akuthwa kuposa anga.

Za mtundu: amayi salola kuti CG7 aposa Chalimbana potendera. Akuti CG7, wofiira uja, ngwamafuta, ngwa chiponde. Ndinaphika nkhwani miphika iwiri kuti tiyese, anthu asanu ndi mmodzi analawa osauzidwa, anayi anasankha Chalimbana. Koma Chalimbana akusowa chaka chino, ndiye ndagula zonse ziwiri.

30 Juni

Wina anaitanitsa mapaketi khumi, n'kutumiza uthenga wooneka ngati ndalama yalowa, kenako kuimba kuti walakwitsa, watumiza yochuluka, ndimubwezere yapamwamba. Ndinayang'ana balansi, mulibe. Nditamuuza anadula. Lamulo latsopano: uthenga si ndalama, kabaza sanyamuka ndisanaone balansi.

Malonda a muno mu Lilongwe akuyenda pang'onopang'ono. Ogula ambiri ndi azimayi apantchito, a ku Area 47, Area 18, Gulliver, amene alibe mtondo m'nyumba.

21 Julayi

Nditaimika za ku Joni, mtsikana wina wa ku Dublin sanaleke kulemba. Ndi namwino, wakwatiwa ndi mnyamata wa kwathu konkuno, apongozi ake akubwera kudzacheza, ndipo iye anakulira m'tauni, kutendera sakudziwa. Anati, "Anti, musanditumizire kanthu. Mtedza kuno uliko m'mashopu a amwenye, blender ndili nayo. Mungondionetsa."

Tinapangana Loweruka pa video ya WhatsApp. Ine foni nditaitsamiritsa pachitini cha shuga, iye ali m'khitchini yake yowala ngati chipatala. Ulendo woyamba anayatsa blender n'kuisiya ikulira, pomwe ndimakuwa kuti zimitsani n'kuti zitasanduka phala lamafuta. Tinayambiranso: mtedza wochepa, kuyatsa n'kuzimitsa, kuyatsa n'kuzimitsa, kusefa. Nkhwani kulibe, ndiye tinagwiritsa ntchito masamba otchedwa "kale" pa Chingerezi, olimbirapo, ofuna kuwira nthawi yotalikirapo. Ndinamuuza kuti madzi akhale ochepa, tomato pamwamba, nsinjiro azithire masamba atafewa, avundikire kaye zipse ndi nthunzi asanatakase, moto wapansi. Iye amafuna kudziwa kuti mphindi zingati. Ndinasowa yankho, chifukwa ine ndimamva ndi mphuno fungo la mtedza wauwisi likatha, ndiponso ndimaona timafuta tikuyamba kutuluka m'mbali. Ndinamuuza zomwezo. Anaweramira mphika, magalasi ake n'kuchita nthunzi, kenako anakuwa kuti, "Anti, ndatiwona!"

Sindinatchule mtengo. Lolemba ndinangolandira uthenga woti ndikatenge ndalama ku Mukuru. Inali yoposa phindu la mapaketi onse amene ndagulitsa mwezi uno. Iye analemba patsamba kuyamikira, ndi chithunzi cha mphika. Pansi pake anthu ayamba kufunsa kuti kalasi yotsatira ndi liti. Kalasi yake iti?

25 Ogasiti

Makalasi anayi atheka, Loweruka lililonse 4 koloko madzulo. Nthawiyi ndi yofanana ndi ya ku Joni, pomwe ku UK ndi ku Ireland imakhala 3 koloko (mawotchi awo akadzabwerera kumapeto kwa Okutobala kusiyana kudzakhala maola awiri, ndisaiwale). Sindilola anthu oposa asanu ndi mmodzi, chifukwa ndimafuna kuona mphika wa aliyense. Taphunzira nkhwani wotendera, futali, chigumu, ndi nsima ya ufa wa m'mashopu akunja, umene umamwa madzi mosiyana ndi ufa woyera wakwathu.

Sindimayembekezera kuti theka la ophunzira akhala a muno momwemo. Ena ndi atsikana oti chinkhoswe chayandikira. Wina ndi bambo amene mkazi wake anamwalira, akulera yekha ana awiri. Iye salankhula, amangolemba m'kope.

Kalasi ya therere ndinaitana amayi, chifukwa chidulo ine sindichitha. Anabwera pa minibasi ndi phulusa lawo la zitsononkho m'kachitini. Poyamba amaiopa foni, akulankhula motsitsa ngati ali pamaso pa mfumu. Ataona mtsikana wina ku Cape Town akuthira soda wodzadza sipuni, anaiwala zonse: "Iwe! Ukufuna kuchapa zovala kapena kuphika?" Kuyambira pamenepo kalasi inali yawo. Pakati pake magetsi anazima, tinamaliza ndi tochi ya foni ya mwana wanga. Ndalama ya tsikulo ndinagawana nawo pakati. Anaiwerenga kawiri, n'kufunsa ngati anthuwa ali bwinobwino m'mutu, kulipira kuti aone therere.

Zovuta: bandulo ikudya kwambiri, ndipo netiweki ikagwa ndimabwereza kalasi ulere.

22 Sepitembala

Ndalembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General. Chandikakamiza ndi malo ena odyera muno mu Lilongwe, ophika zakudya zachimalawi, amene mwini wake wakhala akuwerenga tsamba mwakachetechete chiyambire nkhani ya katoni yonyowa ija. Akufuna makilogalamu khumi a nsinjiro sabata iliyonse, koma ndi lisiti. Anandiuza kuti chinawakopa ndi chithunzi cha mbale ya mtedza wotaya. Ine chithunzicho ndinachiika podandaula.

Kuti nsinjiro zilowe m'mashopu pakufunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo kumeneko amaona malo opangira, osati zonena zako. Khonde langa la kuseri, pomwe pamadutsa mphaka wa aneba, silingapambane. Zimenezo ndi za chaka chamawa, ngati ndipeze chipinda. Makina omatira ndagula, kandulo wapuma.

16 Okutobala

Dzulo linali Tsiku la Anakubala. Sabata ziwiri zapitazo mayi uja wa ku Joni, wa funso loyamba, analemba kuti popeza katundu sangapite kwa iye, bwanji apite kwa amayi ake ku Kawale? Ndinaika funsolo patsamba mmene analembera. Madengu 23 anaitanitsidwa: mpunga wa Kilombero, nsinjiro, shuga, mafuta ophikira, chitenje. Olipira onse ali kunja, olandira onse ali muno.

Ndinayenda ndekha ndi mnyamata wa njinga yamoto, Kawale, Chilinde, Biwi, Area 23, Mtandire. Anthu akutali sadziwa kulongosola njira. Wina anati nyumba ili pafupi ndi mtengo wa mango waukulu, mtengowo anaudula kalekale, pali shopu. Gogo wina anakana kulandira mpaka amve mawu a mwana wake, ndiye ndinaimba video, ndipo ndinaima pakhomo mphindi makumi awiri iwo akufunsana za matenda ndi za mbuzi, pa bandulo yanga. Madengu awiri ndapereka lero, mochedwa.

Phindu lilipo, koma ntchitoyi ndi yonyamula ndi kuyenda, aliyense wa njinga angaichite. Sindikufuna ikhale ya mwezi ndi mwezi. Khirisimasi yokha, basi.

17 Novembala

Mafuta a galimoto akusowa, mizere pamafilingi siteshoni ikugona pomwepo, a njinga zamoto akweza mitengo kawiri mwezi uno. Mtedza womwe ndinasunga watsala matumba awiri, ndipo wamumsika wakwera moti sindingaugule n'kugulitsa pamtengo wakale.

Koma chondidetsa nkhawa ndi china. Ndayang'ana tsamba, ndapeza kuti kwa masabata asanu ndangoika zotsatsa: nsinjiro zilipo, kalasi Loweruka, madengu a Khirisimasi. Makomenti atsika mpaka kumawerengeka ndi zala. Mayi wina wachikulire amene wakhala nane chiyambire 2021 analemba kuti, "Mwana wanga, kale tinkacheza pano, lero pasanduka pa golosale." Zinandiwawa chifukwa n'zoona. Ndikabwerera m'kabuku aka, palibe geni ngakhale imodzi yomwe inachokera pa chotsatsa. Ya ku Joni, makalasi, malo odyera, madengu, zonse zinatuluka m'kamwa mwa munthu amene ndinali kucheza naye za zina. Achinyamata ena andiuza kuti ndilipire Facebook ikankhe mapositi, ena akuti ndisamukire ku TikTok. Mwina. Koma anthu ondipezera kumeneko ndiwayankha nthawi yanji, pomwe awa omwe ndikulephera?

Ndachita izi: zotsatsa zonse zapita ku WhatsApp status. Mwana wa achemwali anga, amene akudikira zotsatira za mayeso, watenga zolandira maoda ndi kulemba malisiti, ndizimulipira pamwezi. Ine ndabwerera ku makomenti, ola limodzi usiku uliwonse.

8 Disembala

Tawerengera ndi alamu anga. Makalasi ndiwo ali patsogolo, chifukwa safuna mtedza kapena mafuta a galimoto. Malo odyera aja ndi achiwiri, phindu lochepa koma losadumpha sabata. Madengu achitatu. Mapaketi ogulitsa mmodzimmodzi angobweza mpamba. Ya ku Joni, yomwe ndinatsegulira kabuku aka, ili ndi mzere umodzi wokha, wa ndalama zobweza. Alamu anga anayang'ana mzerewo n'kunena kuti ndiufufute. Ndausiya.

Lachinayi ndinaika chithunzi cha bowa woyamba amene ndinamupeza pamsewu wa ku Dedza, n'kufunsa kuti kwanu mumamutcha chiyani. Mkangano wa mayina sunathe mpaka lero, a ku Mzimba ndi a ku Zomba sakugonjerana. Anthu atatu afunsa kale ngati ndingaumitse bowa. Sindinayankhe kuti inde. Bowa wina amapha, ndipo ine sindimusiyanitsa bwino, wodziwa ndi azakhali a ku Dzalanyama amene alibe foni.

Zotsala mwezi uno: madengu 31 a Khirisimasi, kalasi ya thobwa pa 21, ndi kukaona chipinda china ku Area 49 chimene akuti chili ndi simenti pansi ndi mpopi pakhomo. Amayi atumiza uthenga kuti adzala Chalimbana mizere yowonjezera, ndipo akufunsa ngati ana a sukulu awo a pafoni adzafune kuphunzira kumanga chikwatu mvula ikamatha.